Masipika Awiri a Akulu Anga Esinati

Dzulo tinavundukula chiliza cha akulu anga Esinati ku Nathenje, ndipo ndinene zoona, chilizacho n'chokongola kuposa nyumba yanga. Matailosi oyera mbee, dzina lolembedwa ndi utoto wonyezimira, moti ngakhale ine wa sukulu ya kwacha ndinaliwerenga osapunthwa. Ndinaimba, ndinavina mpaka nsalu kumasuka, adzukulu n'kumandikoka kuti agogo pano m'pamanda. Ndinati ndikudziwa kuti m'pamanda, nanga wagona apayu sitinayamwe bere limodzi? Koma mmene ndinkavinamo, diso linali kuyeza chilizacho, m'litali ndi m'lifupi, mtima n'kumati changa sichidzafika apa. Patha chaka chathunthu iwo ali m'dothi, nsanje yanga ikadali ndi mano onse.

Ine ndine Eneresi wa ku Mitundu, mng'ono wawo wowaponda pamutu. Kanyimbo kanga ka ubwana kanali aka, ndipo ndinkakaimba mokweza kuti amve:

Esinati patsogolo, Eneresi pambuyo,
njira ndi yawo, fumbi ndi langa.

Bambo athu anati kusukulu kupite mmodzi, wina atsale azisoka fodya m'chigafa. Sanachite maere. Anangoyang'ana amene anabadwa kale. Akulu anapita ku Nkhoma ndi sutikesi ya malata pamutu, ine ndinatsala ndi manja akuda ndi phula la fodya. Anabwerako akudziwa kutaipa, nalowa ntchito mu ofesi ya esiteti ina kuseri kwa Mitundu, fodya yemweyo amene ine ndinkasoka iwo n'kumamulemba papepala atakhala pampando. Choncho chimene ndinkafuna moyo wanga wonse chinali chimodzi. Sindinkafuna ntchito yawo, sindinkafuna nsapato zawo zogogoda. Ndinkafuna tsiku limodzi lokha kanthu kawakanike ine ndikuona, atembenuke, anene ndi pakamwa pawo kuti Ene, ichi chandikanika. Basi. Ndikanavina kuchokera ku Mitundu mpaka ku Malingunde.

Anali munthu wamtali, wouma ngati mzati wa chigafa, woseka ndi mphuno osati ndi mano. Zala zawo sizinkagona. Ukamayankhula nawo, zala zinali pabondo kutaipa mawu ako pansalu, ndipo ukanama, kachala kakang'ono ka kumanja kankagogoda kawiri, kufufuta. Ana onse a pabanja pathu ankadziwa kuti popempha kanthu kwa amayi aakulu usayang'ane nkhope, uziyang'ana kachalako. M'tchalitchi ankataipa ulaliki wonse pachikuto cha buku la nyimbo, ndipo tsiku lina mlaliki atatalikitsa, ndinaona kachala kaja kakufufuta kuyambira pakati mpaka pa ameni. Zikomo sankanena kwa wachibale, ankati zikomo ndi mbale ya alendo. Ankatinso chinthu chimene sungachitsegule n'kuona m'mimba mwake si chako, angokusungitsa. N'chifukwa chake wailesi, wotchi, makina osokera, zonse za m'nyumba mwawo zinali ndi zipsera za sikuludilaiva.

Kuimba sankatha. Ndikudziwa kuti sankatha, chifukwa tili ana ndinawamva kamodzi kudimba akuyesa, mawu ngati chitseko chopanda mafuta. Koma pamaso panga sanayesepo, m'tchalitchi ankangotsegula ndi kutseka milomo, ndiye sindinawagwire. Munthu wosavina sungamuseke kuti waphonya ng'oma. Pamene ine ndinalowa sukulu ya kwacha, ndili kale ndi adzukulu, kalata yanga yoyamba ndinalembera iwo. Mizere inayi, sabata yathunthu. Anaibweza ndi munthu wa panjinga itafiira ndi bolopeni, pansi atalemba kuti ulembenso. Sitinayankhulane mpaka fodya wina kulowa m'chigafa. Koma ndinalembanso, nanga ndikanawasiya apambane?

Kompyuta anabwera nayo popuma ntchito. Inali yoti itayidwe, chibokosi chotuwa cholira ngati chigayo cha patali, iwo anati ndipatseni. Anamanga kanyumba ka njerwa kuseri kwa msika wa Nathenje, komwe kuli magetsi, n'kumalembera anthu makalata ofunsira ntchito ndi mapulogalamu a ukwati. M'kompyutamo anachotsa zonse zimene inabwera nazo, n'kuikamo china chotchedwa Linakisi, chimene anawasonyeza mphunzitsi wina wamkazi wa kusekondale. Ankati chimenecho chili ngati chitsime cha mudzi: anakumba anthu ambiri osadziwana, aliyense amatunga, ndipo wofuna kusuzumira pansi palibe womuletsa. Chizindikiro chake ndi kambalame konenepa kokhala chotambalala ngati bakha wokhuta madeya. Ine ndinkati kambalameko kafanana ndi ine. Iwo ankati ayi, kambalameko sikalongolola.

Koma chimene anaikondera kompyutayo si makalata. Munali gemu.

Gemu yake ndi yakale, anaidziwira kuofesi kuja pa nthawi ya nkhomaliro, mutu usanayere. Munthu wake sumuona. Umangoona dzanja ndi mfuti pansi pa galasi, ngati dzanjalo ndi lako, ndipo umayenda m'makonde amdima, kutsegula zitseko, kufuna makiyi, wofiira, wachikasu, wabuluu. M'makondemo muli ziwanda. Zina zoponya moto, zina zonenepa ngati nkhumba zoyenda ndi miyendo iwiri, ndipo zonse zimabuula. Mayi wamkulu, mpango kumutu, magalasi pamphuno, kumaombera ziwanda dzuwa lili paliwombo. Anthu a pamsika ankasuzumira pazenera. Ine ndikabwera kudzacheza ndinkakhala pamkeka ndi mtedza wanga woswa, nkhope kwina, khutu komweko. Zinkandiwawa kuti ngakhale kusewera, iwo ankasewera zoti ine sindingazithe.

Nkhani inafika kumpingo. Anabwera mkulu wa mpingo wina, bambo aulemu wawo, chipewa m'manja, ine ndilipo.

"Mayi, anthu akuti m'nyumba muno mukumveka ziwanda."

"Akunena zoona. Khalani pansi muzione."

Anakhala. Akulu anga anayatsa, nalowa m'khonde loyamba, nagwetsa zitatu.

"Nanga mayi, Mkhristu n'kumasewera ndi zotere?"

"Ndikusewera nazo kapena ndikuzipha? Inu mumazithamangitsa Lamulungu lokha. Ine Lolemba mpaka Loweruka."

Bamboyo anayang'ana galasi nthawi yaitali. Kenaka anatambasula chipewa chija n'kuloza. "Icho, mayi, chabisala kuseri kwa mgolo."

Nkhani inathera pomwepo. Bamboyo anabweranso kangapo, koma kudzaonerera, ndipo pamaliro ndi iwo amene analalikira kuti malemuwa sankaopa mdima. Ine ndinali nditakonza kale nkhope yachisoni yowaperekezera akulu anga tsiku lowadula kumpingo. Nkhopeyo ndinabwerera nayo ku Mitundu yosagwiritsa ntchito.

Kenaka matenda a shuga anawadya maso. Ku Nkhoma madokotala anayesetsa, anapitako kangapo, koma anawauza mosabisa kuti maso otere sabwerera. Ankaona kuwala ndi mithunzi basi, ngati munthu wosuzumira m'madzi otsukira mphale. Makalata anasiya. Ndipo dzinja lomwelo kompyuta nayo inafa, chimbale cha m'kati chosunga zonse chinangoti kwe kwe kwe, n'kutha. Mwana wawo Chifundo, amene amagwira ntchito m'tauni, anati amayi zathera pomwepa, ndikugulirani wailesi yabwino. Iwo anatumiza chibokosicho kwa wokonza mafoni wa pamsewu kuti aikemo chimbale china, n'kumulamula kuti asathiremo chilichonse, chibwere chopanda kanthu ngati nkhokwe yatsopano. Atatero anandiimbira foni.

"Ene, ubwere Lachiwiri. Ubweretse maso ako."

"Mukupempha kapena mukutuma?"

"Ndikukuuza tsiku."

Mwamva? Maso anga, ngati akuti ubweretse lichero. Ndinakwera minibasi ziwiri, ya ku Mitundu mpaka pamphambano, ina ya ku Dedza yotsikira pa Nathenje, ndikuimba njira yonse, chifukwa ndinati lero ndi lero, wosaona sangaukitse kompyuta yakufa.

Ndinawapeza atakhala kale patebulo, m'manja mosamba. Anatulutsa fulashi ziwiri, tizitsulo tosungira za pakompyuta, m'kathumba ka m'chiuno, ina yomangidwa ulusi, ina yopanda, kuti chala chizizisiyanitsa. Ya ulusiyo munali Linakisi. Anailowetsa mopapasa, nayatsa, chala chikugogoda batani limodzi ngati nkhuku yojompha chimanga.

"Tsopano undiuze chimene chalembedwa."

"N'Chingerezi, akulu."

"Sindinati umasulire. Tchula zilembo chimodzi chimodzi. Kusukulu ya kwacha munkangodya mandasi?"

Ndiye ndinatchula. Koma ine chilembo chouma chimandithawa, ndikachiimba ndiye chimakhazikika. Ndinayamba kuziimba zilembozo monga timaimbira pamtondo, iwo akamva zitatu zinayi adziwa kale liwu lonse, n'kundidula, "Basi, tsika pansi pake." Zala zawo sizinkafuna maso. Pakiyibodi pali mabatani awiri okhala ndi kachiphuphu, ankaikapo zala zolozera, zina zonse n'kudziwa malo awo ngati ana a sukulu pamzere. Kunabwera mapu a dziko lonse, kufunsa kuti tili kuti. Ndinaimba zilembo, kunali kuti Blantyre. Iwo anati anthu amenewa ndi abwino koma Nathenje sanamumvepo, tiwakhululukire. Kenaka kamzere kanayamba kudzaza pang'onopang'ono. Tinamwa tiyi wopanda shuga, kamzere kanadzaza, kompyuta inazima n'kudzukanso yokha, galasi ngwee.

Gemu ndiye inali ndi njira yake. Analumikiza foni kuti kompyuta ikoke intaneti, natsegula kawindo kakuda bii, kopanda chithunzi, kamzere koyera kokha kakuphethira pakona. Ankati apa ndi pamene umayankhula ndi kompyuta wekha, popanda ankhoswe. Anataipa mzere umodzi. Kompyuta inafunsa pasiwedi, liwu lachinsinsi limene anali ataipatsa pothira Linakisi muja. Zala zinathamanga. Pagalasi sipanaoneke kanthu.

Mtima wanga unadumpha ngati mwana wa mbuzi.

"Akulu, palibe chalembeka."

"Ndikudziwa."

"Ndikuti palibe ngakhale kadontho. Zakanika izi. Ingonenani, muno mulibe mlendo."

"Chinsinsi chimaoneka, iwe? M'kawindo aka pasiwedi saionetsa, ngakhale kwa mwini wake."

Anadinda batani lalikulu, mizere inayamba kutsika ngati linthumbu losamuka. Nyimbo inali itafika kale pakhosi. Ndinaimeza.

Mizere itatha anaitana gemu ija, ndipo sinabwere. Panangotuluka mawu owerengeka. Ndinawaimba, mtima ukuyambanso kuvina, koma iwo anangogwedeza mutu ngati amva moni. Anati chimene takoka pa intaneti ndi mtondo ndi munsi chabe, chimanga chake chili m'fulashi inayo: fayilo imodzi yakale momwe muli makonde onse, ziwanda zonse ndi kubuula kwake, imene anaisunga zaka zonsezi monga ena amasungira mbewu ya makolo. Anandiimbitsa mayina a mafoda mpaka tinapeza pamene gemu imafunafuna, anaithira pomwepo, naitananso. Mfuti inatulukira pansi pa galasi. Kawiri tsiku limodzi ndinameza nyimbo, ndipo nyimbo yomeza imatupitsa m'mimba kuposa nyemba.

Chotsala chinali kuikonza kuti ikwane munthu wosaona. Kuwala tinakweza mpaka kumapeto, makonde amdima aja anayera ngati a chipatala, kuti chiwanda chikafika pafupi aziona kamthunzi. Mabatani anawasamutsa: kuyenda ndi kutembenuka dzanja lamanja, kuombera chala chachikulu cha kumanzere, chifukwa chala chimene ankaombera nacho kale chinali chitachita dzanzi. Nyimbo za m'gemu anazitsitsa mpaka zii, kubuula kwa ziwanda anakukweza. Pomaliza anatenga masipika awo awiri aang'ono, ina anaika kumanzere cha kuzenera, ina kumanja cha kukhomo, nayeza ndi chikhatho kuti atalikirane mofanana ndi makutu awo. Ya kuzenerayo inali yokalamba, ikamalira inkamveka ngati ili ndi chifuwa. Anandifotokozera kuti chiwanda chikakhala kumanzere chimabuulira m'sipika ya kumanzere, chikakhala kumanja, ya kumanja. Makonde, anati, ndikuwadziwa ngati njira ya kumjigo, chimene ndikufuna n'kumva mbali basi. Anati ndisanafe ndiimalize kamodzi kenanso, kuyambira khomo loyamba mpaka lotsiriza, popanda maso.

Kuyambira pamenepo Lachiwiri linali langa. Ndinkakhala pambali pawo, ine maso, iwo zala. Kumanzere akulu, ziwiri. Kiyi ali pakona. Thawani, magazi atsala pang'ono. Zonsezi ndinkaziimba, iwo n'kumati kodi tili pankhondo kapena pamtondo. Tikatopa ankasunga pamene tafika, gemu imalola, kuti sabata inayo tidzayambire pomwepo. Masiku amenewo, ndisaname, anali okoma. Kwa nthawi yoyamba ndinali patsogolo ndi theka la phazi. Ndinkafika ku Mitundu n'kuuza amayi a kwaya kuti akulu anga ophunzira aja popanda ine sangatsegule ngakhale chitseko chimodzi.

Koma khutu lawo linakula. Mwezi woyamba ankandifunsa chilichonse. Wachiwiri ankatembenuka ndisanatsegule pakamwa. Wachitatu, tsiku lina ndili pakati poimba kuti kumanja, anati:

"Takhala chete, Ene. Ukuphimba ziwanda."

Ndinakhala chete. Anadutsa chipinda chonsecho okha, osakandidwa ngakhale pang'ono, ine manja pamiyendo ngati mlendo wodikira basi. Maso anga amene ndinawakweza minibasi ziwiri analibenso ntchito. Njira ndi yawo, fumbi ndi langa.

Atatuluka kupita kuseri, akupapasa khoma ndi ndodo, ndinaimirira. Sindinaganize nthawi yaitali, ndipo ndisamunamizire Satana, tsiku limenelo anali kwina. Ndinanyamula sipika ya kuzenera n'kuika kukhomo, ya kukhomo n'kuika kuzenera, mawaya ndinawabisa bwinobwino kuseri kwa chibokosi, n'kubwerera pampando wanga ndi mtedza.

Anabwera, anakhala, anapitiriza. Anali atafika pabwalo lina lokhala ndi khomo lofiira, pamene ziwanda zimatulukira mbali zonse ziwiri. Chinabuula china. Akulu anatembenukira kumanzere n'kuombera khoma, chiwanda chili kumanja chikuwadya msana. Galasi linafiira, munthu wa m'gemu anagwa.

Akulu anabwezera zala pamabatani. Kenaka anati, "Tiyambirenso." Anagwanso. Anayambiranso, anagwanso.

"Ene, zikuchokera kuti?"

"Ndimayesa ndikuphimba ziwanda?"

"Ndakufunsa mbali."

Pobwerera m'minibasi ndinaimba mpaka kondakitala anandifunsa ngati ndachokera ku chinkhoswe. Ndinati mwana wanga, kuposa chinkhoswe.

Lachiwiri lotsatira chimodzimodzi, linalo chimodzimodzi. Ndikawauza mbali msanga ankagwetsa ziwiri zitatu, ine n'kuchedwetsa dala liwu limodzi, iwo n'kutsata khutu, n'kugwa pakhomo lofiira lomwelo. Chimanga chinauma, tinakolola, fodya anapita kumsika, mphepo ya Juni inabwera, iwo ali pakhomo lofiira. Mawu aja sanawanene. Ankangopukusa mutu n'kuti ukalamba ndi mbala. Ine Lachiwiri lililonse ndinkati lero anena, ndipo sindinajombe ngakhale limodzi, ngakhale tsiku limene bondo linatupa, ngakhale tsiku la maliro a kwa aneba, ndinangokhuza m'mawa n'kuthamangira minibasi. Nthawi zina ndikaona mmene khosi lawo laondera, dzanja linkafuna kubwezera masipika aja. Ndinkati sabata yamawa.

Sabata yamawa ija inawapeza pamphasa. Miyendo inatupa, chakudya chinakana, kuchipatala anagonako masiku angapo n'kupempha kuti abwerere kwawo. Lachiwiri lomaliza ndinawapeza atawagoneka pakhonde kuti aothere dzuwa, Chifundo atatsikira kumsika. Kumsewu anyamata a minibasi akuitanira za ku Lilongwe. Ndinakhala pambali ndi mtedza wanga, osaswa.

"Ene."

"Ndili pano, akulu."

"Sipika ya chifuwa ija unainyamula bwino. Sinagwe."

Mtedza unandipulumuka m'manja n'kumwazikira pasimenti.

"Munadziwa liti?"

"Chiwanda choyamba chitangobuula. Miyezi yonse ija inkatsokomolera kuzenera, tsiku limenelo inatsokomolera kukhomo. Ndine wakhungu, sindine gonthi."

"Nanga bwanji simunabwezere?"

"Ndibwezere ntchito ya manja ako? Kanali koyamba iwe kukonza kanthu pakompyuta wekha." Anapuma kaye, mpweya ukuvuta. "Tsiku limenelo ndinkagwadi, zala zinali zisanazolowere. Lachitatu ndinakhala pansi n'kuziphunzitsa kuti khutu likati uku, zizipita uko. Pofika Loweruka khomo lofiira linali kumbuyo."

"Ndiye munafika pati?"

"Ndinaimaliza chimanga chisanalowe m'nkhokwe. Lachisanu lina masana, ndekha, masipika ali chotembenuza. Lachiwiri ndinkangokutsegulira pakale paja pamene tinasunga."

Nsanje inandibwerera pomwepo, munthu ali pamphasa yake yomaliza. Ngakhale chinyengo changa anachitenga n'kuchisandutsa sukulu, n'kukhoza mayeso ake, ine osaonako.

"Ndiye miyezi yonseyi munkagwa dala."

"Minibasi ziwiri kuchokera ku Mitundu, ndi bondo lakolo. Ukanakwera kudzaona munthu akupambana?"

Ndinati, "Ine ndinkati ndibwezera sabata yomweyo." Kachala kakang'ono kanagogoda bulangete kawiri.

Ndinaseka mpaka misozi, iwo anaseka ndi mphuno monga mwa masiku onse.

"Ndiye nenani kuti munkandifuna."

"Ndayankhula zambiri. Patse madzi."

Ndinathira m'kapu yawo ya malata n'kuwaikira m'manja. Zala zija, zimene zinataipa fodya wa esiteti yonse, zimene zinkapeza chilembo popanda diso, zinaizungulira kapu n'kulephera kutseka. Madzi anatayikira pabulangete. Anayesanso, anatayikanso. Kenaka anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu anga.

"Ene, ichi chandikanika. Gwira."

Mawu aja. Ndinawadikira kuyambira tsiku la sutikesi ya malata, ndinali nditawakonzera nyimbo ndi kavinidwe kake. Anabwera chifukwa cha kapu ya madzi. Ndinagwira kapu, dzanja lina kuseri kwa khosi lawo, anamwa pang'ono. Sindinavine. Loweruka lake m'mawa anapita, patsogolo monga mwa nthawi zonse.

Dzulo anthu atabalalika kumanda ndinapempha kiyi kwa Chifundo. Kompyuta akuti ndi yanga, amayi ake ananena, koma kwanga ku Mitundu kulibe magetsi, ndiye ikadali pomwe inali. Chipindacho chikununkha fumbi ndi sopo wawo. Pampando pali dzenje lopapatiza la thupi lawo. Ndinayesa kukhalapo, sindinakwanemo, ndinakoka wanga wa pambali. Pakiyibodi mabatani ena anafufutika zilembo, asalala ngati mwala wa kumtsinje. Ndodo yatsamira khoma pamene anaisiya. Makoko a mtedza wanga akadali pansi pa tebulo, pamene tsache silifika. Chifundo posesa anafuna kubwezera masipika, akuti mawaya apingasana. Ndinati mwana wanga, asiye, amayi ako anawazolowera choncho.

Ndinayatsa. Chibokosi chinalira ngati chigayo cha patali, galasi linawala, n'kufunsa pasiwedi. Palibe amene anauzidwa. Ndinaziona zala zija zikuitaipa Lachiwiri lililonse, koma zinkathamanga kuposa diso langa. Makonde onse ali m'menemo, khomo lofiira, ndi khomo lotsiriza limene iwo analifika opanda maso, ine wamaso sindinalionepo, ndipo atseka n'kupita ndi kiyi. Ndinakhala pamenepo ndikuimba kanyimbo kaja pang'onopang'ono, kamzere kakuphethira, kakudikira zala.

Pozimitsa, sipika ya chifuwa inatsokomola kamodzi cha kukhomo. Ndinatembenuka. Chitseko chinali chotsegula, panja dzuwa, ndi nkhuku ya eni ake ikudutsa.